Lole Yakale Imamwa Zilizonse, Koma Imasunga Ngongole

Aliyense amene anagulitsapo matimati pa msika wa Soweto mu Lusaka amadziwa kuti mtengo wabwino umatha ndi mbandakucha. Amayi opikula, amene amakagulitsanso ku Kanyama, ku Matero, ku George, ku Mtendere ndi ku Kalingalinga, amafika kusanache kuti abwerere ku misika yawo anthu asanayambe kufuna ndiwo. Mlimi wofika dzuwa litakwera amapeza ogula atapita, ndipo katundu wake amapita pa mtengo wongotaya.

Ife tinaphunzira zimenezi ndi misozi m'mwezi wa Julaye. Tinachita hayala kanta ya bambo wina wa ku Chawama kuti itinyamulire matimati a m'dimba la ophunzira. Tinanyamuka usiku, kukuzizira koopsa. Tili mu msewu wa Kafue, magetsi a m'tauni akuoneka, injini inayamba kutsamwa, kenaka inazima. Dalaivala anapopa kapampu ka pamanja mpaka thukuta, koma mafuta sanabwere. Atamasula sefa ya mafuta, ija amakaniko amaitcha filter, tinaona itadzaza ndi zoyera zoundana ngati mafuta a ng'ombe ozizira.

"Aphunzitsi, mundikhululukire," anatero. "Ndinathira saladi wokazingira tchipisi. M'chilimwe galimotoyi imayenda nawo bwinobwino."

Sananame. M'mwezi wa Okutobala mafuta amenewo akanayenda. Koma tsikulo tinalowa mu Soweto mochedwa, ndipo theka la phindu la ophunzira linatsala pamsewu. Nkhani ino ndailemba chifukwa ambiri a inu mukamaliza maphunziro mudzadalira malole otere, ndipo ena mudzagula anu. Lole yakale ikhoza kuyendadi ndi mafuta ena osati dizilo, koma mafuta alionse ali ndi malamulo ake, ndipo amene sawatsata amalipira pambuyo pake, pa pampu.

Chifukwa chake anthu akuyesa mafuta ena

Zambia sakumba mafuta. Dizilo yense amachokera kunja, ndipo wambiri amadzera m'paipi ya TAZAMA, imene inatsegulidwa mu 1968 ndipo imayenda makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola. Kale paipiyi inkabweretsa mafuta oti akayengedwe ku Indeni. Kuyambira mu 2023 imabweretsa dizilo woyengeratu, wa sulphur wochepa. Popeza amagulidwa ndi madola, kwacha ikagwa, dizilo amakwera. Mu Disembala 2021 boma linachotsa ndalama imene linkathirapo pa mtengo wa mafuta, ndipo mu 2022 bungwe la Energy Regulation Board linayamba kulengeza mitengo mwezi ndi mwezi. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, ndipo zigayo, mabekari ndi owotcherera zitsulo anayamba kulimbirana dizilo yemweyo ndi eni malole.

Mwini kanta wa m'komboni alibe kothawira. Amanyamula mchenga, miyala yophwanya, mabuloko, makala, matabwa a ku Buseko, katundu wa osamuka ndi anthu opita kumaliro, ndipo onsewa amanenerera mtengo mpaka pa ngwee. Pa zonse zimene amawonongera ndalama, mafuta ndiwo aakulu. Tsono munthu akamunong'oneza kuti pali chigubu chotsika mtengo kuseri kwa garaja, n'zosadabwitsa kuti amatchera khutu.

Njira ya mafuta m'galimoto

Tisanaweruze mafuta, tiyambe tadziwa kumene amadutsa. Kuchokera m'thanki, kapampu kakang'ono kamawakoka kudzera m'mapaipi ndi m'sefa, n'kuwapereka ku pampu yaikulu ya dizilo. Pampuyi imawakankha ndi mphamvu yaikulu kupita ku timipopi ta pamwamba pa silinda iliyonse, timene amakaniko amatitcha manozo. Nozo imawaza mafuta ngati nkhungu mu mpweya wotentha umene pisitoni yapanikiza, ndipo amayaka okha popanda pulagi. Zitsulo za m'kati mwa pampu ndi nozo zimagwirana mothina kwambiri, mpata wake ndi wochepa kutali kuposa kukula kwa tsitsi limodzi. N'chifukwa chake kanyenyeswa kamene diso silingaone, kapena dontho la madzi, zimakanda pampu.

Mapampu akale ali mitundu iwiri. Pali pampu ya mzere, imene ili ndi kapisitoni kake ka silinda iliyonse, ndipo ziwalo zake za pansi zimafeweretsedwa ndi oyilo. Imeneyi ndi yopirira, ndipo imapezeka pa malole ambiri akale a Fuso, Mercedes-Benz ndi Tata. Palinso pampu yozungulira, monga ya CAV imene ili pa mathirakitala ambiri a Massey Ferguson a injini ya Perkins, kapena ya mtundu wa VE ya pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri a ku Japan. Pampu yozungulira ilibe oyilo wake: dizilo yemweyo ndiye amaifewetsa ndi kuiziziritsa. Mafuta akakhala owuma, imapekeseka; akakhala olimba ndi ozizira, shafuti yake ikhoza kuthyoka. Malole atsopano a common rail, oyendetsedwa ndi kompyuta, ndi nkhani ina: amenewo musawayese ndi china chilichonse koma dizilo wa pa filing'i siteshoni.

Injini nazonso zimasiyana. Zina zimawaza mafuta m'kachipinda kakang'ono ka m'mutu wa injini, moto n'kuyambira m'menemo. Zimenezi zimalolera mafuta olimba. Zina zimawaza molunjika pamwamba pa pisitoni, ndipo zimafuna nkhungu yosalala. Makanta ambiri a m'makomboni ndi a mtundu wachiwiriwu. Funsani makaniko wanu kuti yanu ndi iti musanathire kanthu kachilendo.

Palafini ndi changanya

Mafuta oyamba amene anthu amathamangira ndi osakaniza, aja amatchedwa changanya, ogulitsidwa m'zigubu m'mbali mwa misewu ikuluikulu. Palibe amene angakuuzeni zimene zilimo. Kawirikawiri muli palafini, madzi a m'migolo yosavundikira, dzimbiri ndi mchenga. Palafini amayaka ndithu m'injini ya dizilo, ndipo tsiku loyamba dalaivala saona kusiyana kwenikweni. Koma palafini ndi wopyapyala ndiponso wowuma, alibe kuterera kumene zitsulo za pampu zimadalira. Dizilo wa masiku ano, pochotsedwa sulphur, amatayako kuterera kwake kwachibadwa, ndipo oyenga amachita kuthiramo mankhwala obwezeretsa. Mukamusungunulanso ndi palafini, pampu yozungulira imayamba kudzidya yokha. Zizindikiro zimabwera pakapita miyezi: injini kuvuta kulira ikatentha, mphamvu kuchepa pa chitunda, ndi tizitsulo tonyezimira m'sefa.

Palinso lamulo. Kugulitsa mafuta popanda chilolezo cha Energy Regulation Board ndi mlandu, ndipo kuyambira mu 2018 mafuta ololedwa amathiridwa chizindikiro chosaoneka ndi maso kuti osakanizidwa ndi ozembetsedwa azidziwika. Zigubu zosungidwa m'nyumba zogonamo, pafupi ndi mbaula ndi makandulo, zapsereza mabanja.

Oyilo wakuda

Ena amasefa oyilo wotha ntchito ndi nsalu n'kumuthira m'thanki. Nsalu imagwira zinyalala zooneka zokha. Mwaye, fumbi la zitsulo zopekeseka ndi mankhwala amene opanga oyilo amathiramo zimadutsa, zimakanda pampu, ndipo zikapsa zimasiya phulusa pa manozo ndi pa mavavu. Utsi wake amaupuma ndi ana osewera m'tinjira ta m'komboni, kumene nyumba ndi zothithikana.

Woipitsitsa ndi oyilo wa m'mathiransifoma. Wogulitsidwa mwamseri amakhala wobedwa, ndipo thiransifoma imene yakhetsedwa oyilo imapsa, dera lonse n'kukhala mumdima, pamodzi ndi chipatala ndi mijigo ya magetsi. Mathiransifoma ena akale ali ndi mankhwala a poizoni otchedwa PCB, amene sawola m'nthaka ndipo akapsa amatulutsa utsi woopsa. Pa mafuta amenewa palibe njira yabwino yowagwiritsira ntchito. Akaneni.

Mafuta a mbewu

Apa ndiye pali nkhani yeniyeni, ndipo si yatsopano. Mu 1900, pa chionetsero chachikulu cha ku Paris, injini yaing'ono ya dizilo inayenda ndi mafuta a nsawa, ndipo Rudolf Diesel mwiniwake analankhulapo za mafuta a mbewu m'zaka zotsatira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, mafuta atavuta ku South Africa, akatswiri a makina a ulimi kumeneko anayesa mafuta a mpendadzuwa m'mathirakitala. Anapeza kuti injini za kachipinda zinkapirira nthawi yaitali, pamene zowaza molunjika zinkamera makala pa manozo. Phunziro limenelo silinasinthe mpaka lero.

Vuto ndi kulimba, ndiko kuti kusayenda msanga. Pa kutentha kwa madigiri 40, mafuta a mpendadzuwa kapena a soya ndi olimba pafupifupi kakhumi kuposa dizilo. Nozo siitha kuwasandutsa nkhungu, imangowalavula madontho. Madonthowo sapsa onse. Ena amamatirira pa nozo, ena amatsikira m'maring'i a pisitoni n'kuwamata, ena amalowa m'sampu n'kusakanikirana ndi oyilo. Dizilo akalowa mu oyilo amauluka ndi kutentha, koma mafuta a mbewu sauluka. Amakhala m'menemo mpaka oyilo atasanduka phala lakuda losayenda, ndipo injini imagwira. Mukaona oyilo akukwera pa kamtengo koyezera m'malo motsika, dziwani kuti izi zayamba.

Mafuta okazingira kale ali ndi zovuta zina pamwamba pa izi. Muli madzi ochokera ku mbatata, mchere, ufa wa vitumbuwa ndi mafuta a nkhuku kapena a soseji. Akapsa kambirimbiri amasanduka owawasa, ndipo asidi wakeyo amadya zitsulo. Ndiponso mafuta ambiri ophikira a m'masitolo ali ndi mafuta a kanjedza, amene amaundana kukazizira. Lusaka ali pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo usiku wa Juni ndi Julaye kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10. Izi ndi zimene zinatseka sefa ya kanta ija.

Amene amayendetsa malole ndi mafuta a mbewu popanda kuwononga injini amatsata mwambo wosadumphika. Amaika mathanki awiri. Injini imalizidwa ndi dizilo, ndipo ikatentha ndi pamene amatembenuzira ku thanki ya mafuta a mbewu, amene amakhala atatenthetsedwa ndi madzi a injini kufika madigiri 70 kapena 80 kuti apyapyale. Kukatsala makilomita ochepa kuti afike, amabwerera ku dizilo kuti atsuke mapaipi ndi pampu, chifukwa injini siyenera kugona ndi mafuta a mbewu m'kati. Mafutawo amayamba akhala mumgolo masabata awiri kuti zolemera zikhazikike, amatengedwa a pamwamba okha, ndipo amasefedwa ndi sefa ya mamaikuloni 5, osati nsalu. Pofuna kudziwa ngati muli madzi, amadontheza pang'ono m'poto wotentha: akathetheka, muli madzi. Oyilo wa injini amasinthidwa pa theka la mtunda wa masiku onse.

Taonani tsopano ntchito ya kanta ya m'komboni. Imayenda kuchokera ku Chawama kupita ku Soweto, kuima pamzere, kuzima, kulira, kukwawa mu msewu wa Lumumba. Injini siikhala yotentha nthawi yokwanira. Njira ya mathanki awiri imapindulitsa galimoto ya maulendo aatali, monga wa ku Chipata, kapena injini ya chigayo imene imalira tsiku lonse itasenza katundu. Pa maulendo aafupi a m'tauni, phindu lake ndi lochepa ndipo chiopsezo ndi chachikulu.

Biodiesel

Njira ina ndi kusintha mafutawo m'malo mosintha galimoto. Mu 1937 katswiri wa ku Belgium dzina lake Chavanne analembetsa njira yosandutsira mafuta a kanjedza kuti apyapyale ngati dizilo, ndipo mu 1938 basi inayenda nawo pakati pa Brussels ndi Louvain. Lero amatchedwa biodiesel. Mafuta ofunda amasakanizidwa ndi methanol, pafupifupi lita imodzi pa malita 5 alionse, pamodzi ndi soda wa caustic uja wopangira sopo. Glycerine amakhazikika pansi, biodiesel amayandama, kenaka amatsukidwa ndi madzi ndi kuumitsidwa.

Biodiesel wopangidwa bwino ndi mafuta abwino pa lole yakale. Amaterera kuposa dizilo, utsi wake wakuda ndi wochepa, ndipo safuna thanki yachiwiri, ngakhale mphamvu yake pa lita ndi yochepako pang'ono. Koma ali ndi makhalidwe ake. Amasungunula litsiro la zaka zambiri la m'thanki n'kulitumiza ku sefa, choncho m'masabata oyamba muziyenda ndi sefa yapadera ndi sipanala. Amafewetsa mapaipi ndi masilo a labala akale mpaka ayambe kudontha kapena kuyamwa mpweya. Amakoka chinyezi, ndipo akakhalitsa m'thanki mumamera ndere zoterera. Wopangidwa mwamgwazo, wotsalira sopo, soda kapena methanol, amawononga pampu msanga kuposa mafuta aawisi.

Musaiwale kuti methanol ndi poizoni. Amachititsa khungu ndi kupha, amalowa ngakhale kudzera pakhungu ndi m'mapapo, ndipo moto wake suoneka bwino masana. Si ntchito yochitira pakhonde la nyumba ya lendi. Zotsala zake nazo zimafuna kotaya. Kanyama ali pa thanthwe la miyala ya laimu yong'ambikang'ambika, madzi a pansi ali pafupi kwambiri, ndipo dzinja lililonse amasefukira. Chimene mwathira m'ngalande lero, mawa chili m'chitsime cha mnansi. Wofuna kupanga biodiesel wogulitsa ayambe wapita ku Energy Regulation Board, ndipo mafuta ake ayenera kufika pa muyezo wa Zambia Bureau of Standards.

Kodi mlimi alime mafuta a galimoto?

Ophunzira amandifunsa funso limeneli chaka chilichonse. Akuluakulu a kumudzi akukumbukira nsatsimanga, imene makampani ankaitcha jatropha. Cha m'ma 2006 mpaka 2008 alimi ambiri a ku Central, ku Eastern ndi ku Southern Province analimbikitsidwa kuibzala ndi lonjezo lakuti idzakhala dizilo wa mawa. Mu 2011 boma linalengeza cholinga chakuti dizilo azisakanizidwa ndi biodiesel magawo 5 pa 100 alionse. Koma mitengoyo inabereka mochepera pa zimene zinkanenedwa, kutola ndi kusenda njere kunkadya nthawi, ogula ambiri anasowa, ndipo njere zake ndi chiphe: sungadye, sungapatse ziweto. Alimi anatsala ndi mipanda yobiriwira basi.

Mpendadzuwa ndi wosiyana, chifukwa uli ndi msika weniweni. Pa makina ang'onoang'ono oyengera, makilogalamu 4 kapena 5 a njere amatulutsa lita imodzi, ndipo nkheke yotsala ndi chakudya chabwino cha ng'ombe za mkaka ndi nkhuku. Koma pitani pa kantemba aliyense ku Mtendere mufunse mtengo wa lita ya mafuta ophikira, muyerekeze ndi wa lita ya dizilo. Nthawi zambiri a ndiwo ndiwo odula. Choncho nzeru ndi kugulitsa mafutawo kwa ophika, n'kugula dizilo ndi ndalamazo, chenji n'kutsala. Kuwotcha mafuta odyedwa m'injini kumamveka pokhapokha muli kutali kwambiri ndi filing'i siteshoni, kapena mafutawo sangadyedwe.

Kuwerengera ndi kusamala

Tiyerekeze kuti chigubu cha kuseri chikukupulumutsirani K5 pa lita, ndipo mumawotcha malita 20 pa tsiku, masiku 25 pa mwezi. Mwasunga K2,500. Tsopano pitani kwa okonza mapampu mufunse mtengo wokonzera pampu ndi manozo anayi, muwonjezepo ndalama yokokera galimoto, masiku amene idzakhale pa miyala, ndi kasitomala amene sadzakuitananinso. Mukatero ndi pamene mwadziwa mtengo weniweni wa chigubucho.

Ndalama yambiri imene eni malole amaisaka m'mafuta achilendo ili m'galimoto momwemo. Utsi wakuda ndi dizilo amene mwagula koma sanagwire ntchito, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi sefa ya mpweya yotsekeka ndi fumbi kapena manozo otha. Matayala opanda mpweya wokwanira, mabuleki ogwira, katundu wopyola muyezo ndi injini yongolira galimoto itaima, zonsezi zimamwa mafuta. Chizolowezi chothira malita awiri kapena atatu, kapena choyendera kachigubu ka m'kebini kolumikizidwa ndi paipi, chimalowetsa mpweya ndi fumbi, ndipo ena amadumphitsa nacho sefa. Thanki yokhala yopanda kanthu imachita mame m'kati usiku, ndipo m'dzinja madzi a m'misewu ya Kanyama ndi George amalowera pa chivundikiro chotha. Khetsani madzi a pansi pa sefa sabata iliyonse. Mafuta alionse okayikitsa athireni m'botolo loyera, muwasiye ola limodzi: madzi ndi litsiro zidzaoneka pansi.

Inu amene mumachita hayala, musachite manyazi kufunsa. Safunsa anadya phula. Musanakweze katundu wovunda msanga, funsani mwaulemu zimene zili m'thanki, yang'anani utsi injini ikamalira, ndipo ngati n'kotheka gwirizanani kuti gawo la malipiro likhale dizilo wothira limodzi pa filing'i siteshoni. Ife ndi mmene timachitira tsopano, ndi bambo yemwe uja wa ku Chawama. Anatsitsa thanki n'kuitsuka, anasintha masefa, anakayezetsa manozo, ndipo awiri anapezeka atamera makala. Saladi wokazingira tchipisi amatolabe, koma amapereka kwa amayi a kwawo opanga sopo.

Sefa ija tinaipempha. Ili pa shelefu m'nyumba yathu ya makina, itadulidwa pakati. Ophunzira a chigawo chino, mukafika pa phunziro la injini, muyambe mwaigwira m'manja ndi kuinunkhiza tisanatsegule buku.